Kathiridwe ka feteleza wobereketsa m'munda wa chimanga

Chaka ndi chaka boma komanso alimi m'dziko muno amagwiritsa ntchito ndalama zankhaninkhani pogula feteleza wa chimanga, koma phindu la ndalamazi limapezeka kapena kutayika m'masabata ochepa chabe a miyezi ya Disembala ndi Januwale, pamene alimi amakhala ali kalikiliki kuthira feteleza wachiwiri yemwe amadziwika ndi dzina loti wobereketsa.

Thumba la Urea lomwe lathiridwa pa nthawi yake, pa mlingo woyenera komanso mokwirira bwino likhoza kubweza matumba angapo a chimanga. Thumba lomwelo likathiridwa mochedwa, m'munda wa udzu kapena pamwamba pa nthaka youma, gawo lalikulu la mphamvu yake limapita pachabe ndipo banja limakhala litayamba kale ulendo wopita ku njala ngakhale kuti feteleza linali naye m'manja.

Nkhani ino ikufotokoza zomwe alangizi a zaulimi, akuluakulu a m'maboma, mafumu ndi onse ogwira ntchito m'boma akuyenera kudziwa pa za fetelezayu, poganizira kuti ambiri mwa iwo amalangiza alimi pamene ena ali ndi minda yawoyawo kapena amatumiza feteleza kwa makolo ndi abale kumudzi.

Ntchito ya nayitrojeni m'chimanga

Mchere waukulu womwe uli mu feteleza wobereketsa ndi nayitrojeni. Pa michere yonse yomwe chimanga chimatenga m'nthaka, nayitrojeni ndi yemwe amasowa kawirikawiri m'minda ya m'dziko muno, makamaka m'minda yomwe yakhala ikulimidwa chimanga chokhachokha kwa zaka zambiri popanda kasinthasintha wa mbewu kapena kugoneka.

Nayitrojeni ndiye amapangitsa masamba kukhala obiriwira, ndipo kubiriwirako ndi komwe kumathandiza mbewu kupanga chakudya chake pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa. Ndi mchere womwewu womwe umamanga zakudya zomanga thupi zopezeka m'njere za chimanga. Akatswiri amawerengera kuti pa tani imodzi iliyonse ya chimanga chokololedwa, mbewu yonse kuphatikizapo mapesi imakhala itatenga makilogalamu apakati pa 20 ndi 25 a nayitrojeni.

Ngakhale kuti magawo 78 pa magawo 100 alionse a mpweya womwe timapuma ndi nayitrojeni, chimanga sichingathe kumutenga mumpweyamo. Chimadalira yemwe ali m'nthaka, wochokera ku zinyalala zowolerana, manyowa, mbewu za mtundu wa nyemba kapena feteleza wogula.

Chimanga chosowa nayitrojeni chimadziwika mosavuta. Chimakhala chopinimbira, chowonda mapesi ndiponso chotuwa. Masamba a m'munsi ndi omwe amayamba kuchita chikasu, kuyambira kunsonga kutsatira msempha wa pakati pa tsamba, kenako amauma ngati awauka. Izi zimachitika chifukwa mbewu imasamutsa nayitrojeni kuchoka m'masamba akale kupita ku masamba atsopano. Mapeto ake zisononkho zimakhala zazing'ono ndipo njere sizifika kunsonga.

Alangizi akuyenera kusiyanitsa zizindikirozi ndi za mavuto ena. Chikasu chikayambira ku masamba a kumwamba, kawirikawiri vuto limakhala kusowa kwa salufa. Mizere yoyera m'masamba anthete imasonyeza kusowa kwa zinki, pamene masamba ofiirira m'mbali chimanga chikadali chaching'ono amasonyeza kuperewera kwa fosiforasi. Kuwonjezera Urea pa mavuto oterewa sikuthetsa kanthu.

Mitundu ya feteleza wa nayitrojeni

Alimi a chimanga m'dziko muno amathira feteleza kawiri. Woyamba ndi wokulitsa, yemwe ambiri amamutchula kuti Chitowe kapena NPK. Kwa zaka zambiri feteleza ameneyu anali 23:21:0+4S, koma pambuyo pake kunabwera 23:10:5+6S+1.0Zn yemwe ali ndi potaziyamu komanso zinki, zotsatira za kafukufuku wa nthaka zitaonetsa kuti micherewu ikuperewera m'madera ambiri. Nambala yoyamba pa thumba imaimira nayitrojeni, kutanthauza kuti m'makilogalamu 100 a feteleza wokulitsa muli makilogalamu 23 a nayitrojeni.

Wachiwiri ndi wobereketsa, ndipo alipo mitundu itatu yodziwika. Urea ali ndi nayitrojeni wokwana 46 peresenti, choncho thumba la makilogalamu 50 limakhala ndi makilogalamu 23 a mcherewu. CAN ali ndi nayitrojeni pafupifupi 27 peresenti, omwe ndi makilogalamu 13.5 pa thumba. Sulphate of Ammonia, yemwe ena amangoti SA, ali ndi nayitrojeni 21 peresenti, omwe ndi makilogalamu 10.5 pa thumba, koma ali ndi salufa wochuluka.

Kusiyanaku n'kofunika pogula. Mphamvu ya matumba 3 a Urea imafanana ndi ya matumba 5 a CAN kapena matumba 6 ndi theka a SA. Munthu woyerekeza mitengo asayang'ane mtengo wa thumba chabe koma agawe mtengowo ndi makilogalamu a nayitrojeni omwe ali m'thumbamo. Ichi ndicho chifukwa chake Urea ndiye amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'ndondomeko za boma, popeza galimoto imodzi ya Urea imanyamula nayitrojeni wochuluka kuposa ya feteleza wina aliyense wa m'matumba.

Komabe mtundu uliwonse uli ndi ubwino wake. CAN satayika msanga mumpweya ngakhale atakhala pamwamba pa nthaka kwa kanthawi, ndipo sawonjezera kwambiri asidi m'nthaka. SA amathandiza komwe salufa akusowa koma ndiye amawonjezera asidi kuposa onse akamathiridwa chaka ndi chaka.

Mlingo woyenera

Mlingo womwe wakhala ukulimbikitsidwa pa chimanga cha haibulidi ndi makilogalamu 92 a nayitrojeni pa hekitala imodzi. Mlingowu umakwana pothira matumba 2 a feteleza wokulitsa, omwe amapereka makilogalamu 23, ndi matumba 3 a Urea omwe amapereka makilogalamu 69. Pa ekala imodzi, yomwe ndi pafupifupi mahekitala 0.4, ndiye kuti pakufunika makilogalamu 40 a wokulitsa ndi makilogalamu 60 a Urea.

M'zaka za m'ma 1990 unduna woona za ulimi, kudzera mu gulu la akatswiri la Maize Productivity Task Force, unachita kafukufuku m'minda ya alimi m'dziko lonse ndipo unapeza kuti mlingo umodzi sungakhale woyenera madera onse. Kuchokera apo kunatuluka milingo yosiyana malinga ndi dera komanso cholinga cha mlimi. Kupatula mlingo wa makilogalamu 92, palinso wa makilogalamu 69 womwe ndi matumba 2 a wokulitsa ndi matumba 2 a Urea pa hekitala, ndi wa makilogalamu 35 womwe ndi thumba limodzi la mtundu uliwonse. Mlingo wa dera lililonse umapezeka ku ofesi ya zaulimi ya m'deralo.

Apa ndi pomwe pamafunika kumvetsa bwino za matumba awiri omwe mlimi amagula m'ndondomeko za zipangizo zotsika mtengo. Thumba limodzi la wokulitsa ndi limodzi la Urea pamodzi ali ndi makilogalamu 34.5 a nayitrojeni. Akathiridwa pa ekala imodzi amakhala pafupi ndi mlingo wapamwamba uja, koma akamwazidwa pa hekitala yonse amangokwana mlingo wotsikitsitsa. Banja likagawananso matumbawo ndi mabanja ena awiri kapena atatu, monga momwe zimachitikira m'midzi yambiri, aliyense amayenera kuchepetsa malo oti athirepo molingana ndi feteleza yemwe wapeza.

Mlingo wa pa phando umatengera kabzalidwe. Njira yomwe alimi amaitchula kuti Sasakawa, potengera bungwe la Sasakawa Global 2000 lomwe linaifalitsa m'dziko muno kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, imafuna mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25 ndi mbewu imodzi pa phando. Pa hekitala pamakhala mbewu pafupifupi 53,000, ndipo matumba 3 a Urea akagawidwa mofanana mbewu iliyonse imalandira magalamu pafupifupi 3. Kwa yemwe wabzala mbewu zitatu pa phando motalikirana masentimita 75 pa mizere yomweyo, phando lililonse limalandira magalamu opitirira pang'ono 8. Pa kabzalidwe kakale ka masentimita 90 mbali zonse, phando limalandira magalamu 12.

Alangizi ali ndi timakapu toyezera ta manambala osiyanasiyana, ndipo komwe kulibe timakaputi amasonyeza alimi kagwiritsidwe ntchito ka chitsekerero cha botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Kutapa ndi dzanja n'koletsedwa chifukwa mapando oyambirira amalandira wochuluka ndipo thumba limatha munda usanafike pakati.

Nthawi yothira

Feteleza wokulitsa amathiridwa pobzala kapena chimanga chikangomera, pasanathe sabata imodzi. Wobereketsa amathiridwa patatha masiku 21 chimanga chitamera, ndipo ntchitoyi isapitirire masiku 28. Pa nthawiyi chimanga chimakhala ndi masamba asanu kapena asanu ndi limodzi otambasuka bwino.

Chifukwa chake n'chakuti chimanga sichidya nayitrojeni mofanana moyo wake wonse. M'masabata atatu oyambirira chimadya pang'ono, ndipo feteleza wokulitsa amakwanira. Kuyambira pamene chikufika m'mawondo mpaka potulutsa ngaiyaye chimakula mothamanga ndipo ndi pamene chimatenga gawo lalikulu la nayitrojeni wake. Kukula kwa chisononkho, kuchuluka kwa mizere ya njere ndi kutalika kwake zimakhazikika m'kati mwa phesi nthawi imeneyi, ngaiyaye zisanaoneke. Feteleza akuyenera kukhala atasungunuka kale m'nthaka pomwe nyengoyi ikuyamba.

Dzina loti wobereketsa lasokoneza alimi ena omwe amadikira kuti chimanga chiyambe kumasula kapena kubereka ndiye athire. Pamenepo zimakhala kuti madzi afika kale m'khosi. Chimanga chikhoza kubiriwira pang'ono koma chisononkho chomwe chinakhazikika chaching'ono sichingakulenso.

Mbewu zocha msanga monga SC 403, yomwe imadziwika kuti Kanyani, zimatulutsa ngaiyaye mofulumira kuposa zokhalitsa monga SC 719, yodziwika kuti Njovu, choncho kuchedwa kwa sabata imodzi kumapweteka kwambiri mbewu zocha msangazi. Masiku amawerengedwa kuchokera tsiku lomwe chimanga chinamera m'mundamo, osati potengera mwezi. Madera ambiri a m'chigawo cha kummwera amalandira mvula yobzalira mu Novembala ndipo amafuna Urea pofika pakati pa Disembala, pamene madera ena a kumpoto amabzala mu Disembala ndi kuthira wobereketsa mu Januwale.

M'minda ya mchenga komanso m'madera a mvula yambiri ndi bwino kugawa feteleza wobereketsa pawiri. Theka loyamba lithiridwe pa masiku 21 ndipo theka linalo patatha masabata awiri kapena atatu, bola ngaiyaye zisanatuluke. Njirayi imachulukitsa ntchito koma imachepetsa feteleza wotsukidwa ndi madzi.

Kathiridwe kake

Munda uyambe wapaliridwa. Udzu umamera mothamanga kuposa chimanga ndipo mlimi wothira feteleza m'munda wa thengo amakhala akudyetsa udzu ndi ndalama zake.

Nthaka ikhale ya chinyontho, osati youma kapena yodikha madzi. Wothira abowole dzenje ndi kamtengo kosongoka, lakuya masentimita apakati pa 7 ndi 10, pa mtunda wa masentimita pafupifupi 10 kuchokera pa tsinde la chimanga. Pa kabzalidwe ka mbewu imodzi pa phando, dzenjelo limakhala pakatikati pa mbewu ziwiri pamwamba pa mzere. Pa phando la mbewu zitatu, mlingo ugawidwe m'maenje awiri, lina mbali iyi lina mbali inayo. Feteleza akalowa, dzenjelo likwiriridwe nthawi yomweyo.

Ntchitoyi imayenda bwino anthu akakhala atatu, wina kubowola, wina kuthira ndipo womaliza kukwirira. Omwe amalemba aganyu akuyenera kukhalapo kapena kuika munthu wodalirika, chifukwa ganyu wolipidwa potengera mizere amathamangira kumaliza ndipo kukwirira ndi komwe kumayamba kusiyidwa.

Urea asakhudze tsinde kapena kugwera m'kati mwa nsonga ya chimanga chifukwa amawaula mbewu. Asasakanizidwenso ndi phulusa kapena laimu pothira, popeza zinthuzi zimafulumizitsa kuthawa kwa nayitrojeni. Alimi a chimanga cha mthirira ndi cha kudimba athire feteleza motsatira njira yomweyi kenako athirire madzi ochepa, osati osefukira.

Momwe nayitrojeni amatayikira

Malamulo onsewa ali ndi chifukwa chake. Urea akakhudzana ndi nthaka ya chinyontho amasungunuka ndipo m'masiku ochepa amasanduka amoniya. Izi zikachitikira pansi, nthaka imagwira mcherewu mpaka mizu itautenga. Zikachitikira pamwamba, makamaka kukamatentha, gawo lina limauluka ngati mpweya. Vutoli limakula m'nthaka yopanda asidi komanso pomwe feteleza wagwera pa zinyalala zophimbira nthaka, choncho alimi otsatira ulimi wa mtayakhasu akuyenera kukankhira mapesi pambali ndi kubowola nthaka yeniyeniyo.

Njira yachiwiri ndi kutsukika. Tizilombo ta m'nthaka timasintha mcherewu kukhala mtundu wina womwe sugwirika ndi dothi, ndipo mvula ikachuluka umatsika ndi madzi kupitirira pomwe mizu imafika. Izi zimachitika kwambiri mumchenga.

Njira yachitatu imachitika m'minda yodikha madzi monga m'madambo. Mpweya ukasowa m'nthaka kwa masiku angapo, tizilombo tina timaphwanya mcherewu ndipo umabwerera mumlengalenga. Njira yachinayi ndi kukokoloka kwa nthaka m'minda yotsetsereka yomwe ilibe akalozera, mizere yotseka kapena udzu wa vetiva. Feteleza wokokolokayu amathera m'mitsinje ndi m'nyanja komwe amathandizira kuchulukana kwa zomera za m'madzi monga namasupuni, zomwe zakhala zikusokoneza ntchito yopanga magetsi pa mtsinje wa Shire.

Mvula ikavuta

Ng'amba za m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale si zachilendo m'dziko muno. M'nyengo ya ulimi ya 2023/2024 mphepo ya El Niño inachititsa chilala chomwe chinapangitsa kuti mu Malichi 2024 boma lilengeze kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'ngozi. Chaka cha 2022 namondwe wa Ana anagwa mu Januwale, nthawi yomwe alimi ambiri anali atangothira kumene feteleza.

Tsiku lothira likakwana koma nthaka ili gwa, mlimi adikire mvula ndipo athire ikangogwa yonyowetsa bwino. Mvula ikakhala ya mvumbi ndipo madzi adikha m'mizere, adikire kuti madziwo aphwe. Ngati ng'amba yatalika mpaka chimanga chafota moti sichingatsitsimuke, n'kwanzeru kusunga feteleza wotsalayo kuti akagwire ntchito kudimba kusiyana ndi kumutaya m'munda womwe walephera kale. Uthenga wa zanyengo womwe nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo imaulutsa pa wailesi ndi wothandiza posankha tsiku.

Zina zomwe zimachepetsa phindu

Feteleza wobereketsa sagwira ntchito payekha. Chimanga chomwe sichinalandire wokulitsa chimakhala ndi mizu yofooka ndipo sichingathe kutenga Urea yense. Mbewu yobwereza ya haibulidi, kubzala mochedwa ndi mapando ogweramo zimachepetsanso phindu.

Kaufiti amayamwa chakudya kuchokera ku mizu ya chimanga ndipo amakonda minda yoguga. Akuyenera kuzulidwa asanachite maluwa. Mbozi ya ntchemberezandonda, yomwe inafika m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016/2017, imaononga masamba anthete pa nthawi yomweyo ya kuthira wobereketsa, choncho mlimi aziyendera munda wake kawirikawiri pamodzi ndi kuyang'ana kapuchi.

M'madera a mvula yambiri monga mbali zina za Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay nthaka imakhala ndi asidi wochuluka yemwe amalepheretsa mizu kukula. Kumeneko laimu ndi manyowa ndi zofunika, ndipo kuyezetsa nthaka ndiye njira yodziwira zoona. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze ku Lilongwe, Bvumbwe ku Thyolo ndi Lunyangwa ku Mzuzu amayeza nthaka.

Kukula kwa kusiyanaku kukhoza kuoneka pa kuwerengera kosavuta. Ngati kilogalamu imodzi ya nayitrojeni yabweza makilogalamu 20 a chimanga, thumba limodzi la Urea labweretsa makilogalamu 460, omwe ndi matumba 9. Ngati chifukwa cha udzu, kuchedwa ndi kusakwirira yabweza makilogalamu 10 okha, thumba lomwelo labweretsa matumba osakwana 5. Mtengo wa feteleza ndi umodzimodzi kwa alimi onse awiri.

Manyowa ndi mbewu zobwezeretsa chonde

Nthaka yokhala ndi zowolerana zambiri imasunga chinyontho ndi michere, ndipo feteleza wogula amapindula kwambiri m'nthaka yotere. Ichi ndicho chifukwa chake unduna woona za ulimi umalimbikitsa kupanga manyowa chaka chilichonse nyengo yokolola ikatha, komanso kuleka kutentha mapesi.

Mbewu monga soya, mtedza, nandolo, khobwe ndi nyemba zili ndi timatuza ku mizu momwe mumakhala tizilombo totenga nayitrojeni mumpweya. Chimanga chobzalidwa pomwe panali mbewuzi chaka chatha chimapezako gawo la mcherewu, makamaka ngati masangwi anakwiriridwa m'munda momwemo. Mitengo ya msangu ndi gliricidia imachitanso chimodzimodzi.

Alimi ambiri ayamba kupanga manyowa a Mbeya posakaniza feteleza wochepa ndi ndowe, gaga ndi phulusa. Manyowawa amathandiza kukonza nthaka, koma alangizi akuyenera kufotokoza momveka kuti kusakanizako sikuchulukitsa mphamvu ya feteleza wogula uja. Thumba la manyowa otere silingafanane mphamvu ndi thumba la Urea, ndipo mlingo wothira ukuyenera kukhala wokulirapo.

Komwe feteleza amachokera

Urea amapangidwa m'mafakitale pophatikiza nayitrojeni wa mumpweya ndi gasi wa pansi pa nthaka. Njira yopangira amoniya, yemwe ndiye chiyambi cha Urea, anaitulukira ndi katswiri wa ku Germany, Fritz Haber, m'chaka cha 1909, ndipo Carl Bosch anaikulitsa mpaka fakitale yoyamba inatsegulidwa ku Oppau m'chaka cha 1913. Popeza gasi ndiye chipangizo chachikulu, mtengo wa Urea umakwera ndi kutsika potsatira mtengo wa gasi pa msika wa dziko lonse.

Dziko la Malawi lilibe fakitale yopanga Urea. Feteleza ameneyu amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja ndipo amalowa kudzera m'madoko monga Beira ndi Nacala ku Mozambique komanso Dar es Salaam ku Tanzania. Mitengo inakwera kwambiri m'chaka cha 2021 ndipo inakwereranso nkhondo ya pakati pa Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022. Kuchepetsedwa mphamvu kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunawonjezera vutoli.

Maboma osiyanasiyana akhala akuthandiza alimi kupeza feteleza. M'nyengo ya 1998/1999, pansi pa ulamuliro wa Dr Bakili Muluzi, kunayamba ndondomeko ya Starter Pack yomwe inkapereka mwaulere makilogalamu 15 a feteleza pamodzi ndi mbewu zokwana gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala. Itatha njala ya 2005, pomwe dziko lino linakolola matani pafupifupi 1.2 miliyoni okha a chimanga, boma la Dr Bingu wa Mutharika linayambitsa ndondomeko ya makuponi ndipo mlimi ankagula thumba pa K950. Malinga ndi ziwerengero za boma, zokolola zinafika matani 2.6 miliyoni mu 2006 ndipo zinaposa matani 3 miliyoni mu 2007, mvula nayo itagwa bwino. M'chaka cha 2020 boma la Dr Lazarus Chakwera linakhazikitsa ndondomeko ya AIP yomwe m'chaka chake choyamba inafikira mabanja oposa 3 miliyoni pa mtengo wa K4,495 pa thumba.

Atsogoleri a mayiko a mu Africa atakumana ku Abuja mu Juni 2006 anagwirizana zokweza kagwiritsidwe ntchito ka feteleza kuchoka pa makilogalamu 8 kufika pa makilogalamu 50 pa hekitala. Pa msonkhano wina womwe unachitikira ku Nairobi mu Meyi 2024, nkhani ya feteleza inakambidwa limodzi ndi ya thanzi la nthaka, kusonyeza kuti kuchuluka kwa matumba pakokha sikukwanira ngati nthaka yaguga.

Kasungidwe ndi kupewa chinyengo

Urea amakoka chinyontho mumpweya ndipo amaundana kapena kusungunuka akasungidwa mosasamala. Matumba asanjidwe pa matabwa kapena mitengo, m'nyumba yosadontha, motalikira khoma. Thumba lotsegulidwa limangidwe zolimba. Feteleza akhale kutali ndi chakudya, ana ndi ziweto, popeza mbuzi kapena ng'ombe ikadya Urea wambiri imafa. Wothira asambe m'manja ndi sopo akamaliza, ndipo yemwe ali ndi bala avale chotchinga.

Nyengo ya dzinja ikafika pamapezeka anthu ena osakhulupirika omwe amasakaniza feteleza ndi mchenga kapena kupungula matumba. Alimi agule kwa ogulitsa ovomerezeka, atenge lisiti, aone ngati thumba silinasokedwenso ndipo ngati n'kotheka aliyezetse pa sikelo. Urea weniweni ndi woyera ndipo amasungunuka yense m'madzi osasiya mchenga pansi. Wokayikira aliyense akanene kwa mlangizi, kupolisi kapena ku bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards.

Udindo wa ogwira ntchito m'boma

Popeza nthawi yothira wobereketsa ndi ya sabata imodzi yokha pa munda uliwonse, ntchito yogula, kunyamula ndi kugawa feteleza ikuyenera kuwerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pa sabata imeneyo. Urea wofika kumsika wa kumudzi chimanga chitamasula amalembedwa m'mabuku kuti wafika, koma kumunda amakhala atachedwa. Madera omwe misewu yake imaduka mvula ikayamba, monga mbali zina za Chitipa, Rumphi, Nsanje ndi Makanjira ku Mangochi, akuyenera kulandira katundu wawo mvula isanagwe.

Zigawo zisanu ndi zitatu za chitukuko cha ulimi, zomwe ndi Karonga, Mzuzu, Kasungu, Salima, Lilongwe, Machinga, Blantyre ndi Shire Valley, zili ndi alangizi mpaka kumidzi, koma mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja ochuluka kwambiri moti sangafike m'munda uliwonse. Apa ndi pomwe alimi otsogola, minda yachitsanzo, makalabu a alimi, misonkhano ya mafumu, mipingo ndi mizikiti komanso wailesi za m'madera zimathandiza kufalitsa uthenga masabata awiri ntchito yothira isanayambe.

Mafumu ndi makomiti a chitukuko akuyeneranso kulankhulapo pa mchitidwe wogulitsa feteleza wotsika mtengo kwa mavenda. Banja logulitsa thumba la Urea mu Disembala limapeza ndalama ya masiku ochepa, koma limataya matumba angapo a chimanga omwe likanadya m'miyezi ya njala ya chaka chotsatira.

Kwa ogwira ntchito m'tauni omwe amatumiza feteleza kumudzi, thumba lifike chimanga chisanakwane masabata atatu, ndipo wolandira auzidwe kukula kwa malo oti athirepo. Mafunso okhudza mlingo wa dera, kuyeza nthaka ndi timakapu toyezera apite kwa mlangizi wa m'deralo kapena ku ofesi ya zaulimi ya pa boma.